Matope a Namwaka

"Mulamu, ine sindinabwere kudzapempha yayi. Ndabwera kudzakuuzani. Mpunga wanu uja uchoke m'dambo muja."

Foster Sichali adayankhula ali chiimire, dzanja litagwira njinga. Mpando adamuikira, koma sadauyang'ane n'komwe. Vera Namwaka, mkazi wa malemu mng'ono wake Martin, adali pakhonde akusankha nyemba m'lichero, ndipo sadaleke kusankhako.

"Uchoke upite kuti, alamu? Mpunga uli ndi miyendo?"

"Musandiyankhe ngati mnzanu wa pachitsime. Chaka chino dambo lonse tawokera mbewu imodzi, yamakono. Ogula ananena mosabisa: akadzapeza njere yofiira ngakhale imodzi m'thumba, matumba a kalabu yonse ya alimi abwerera. Ndiye pakatikati penipeni pali inu ndi chipwirikiti chanu chija. Wofiira momwemo, wandevu momwemo, wonunkhira momwemo. Njere zanuzo zikalowa kwa anzanu, adzalira ndani?"

"Zaka zonsezi ndakhala ndikulima, palibe analira."

"Zaka zonsezi kunalibe kalabu."

"Ndime ija anandisiyira Martin."

"Martin anakusiyirani mwana. Dothi ndi la kwa Sichali."

Mawu amenewa adamulasa Vera. Adaika lichero pansi. Kuseri kwa nyumba mwana wake Wezi, mtsikana wa Fomu 2, adasiya kuchapa yunifolomu n'kumamvetsera, thovu lili m'manja.

"Alamu, chaka sichinathe tiikire mng'ono wanu," adatero Vera motsitsa mawu. "Mpunga uja watenga kale mimba. Ulekeni uche, ndikolole, kenako tikhale pansi tikambirane. M'nyumba muno mulibe mbewu ina."

"Mulibe bwanji? Munthu amafesa mbewu yonse?"

"Yotsala ija tinaphikira anthu pamaliro. Inunso munadya nawo. Munapempha ndi wowonjezera."

Foster adayang'ana kumbali, kenako adakankha njinga mwaukali.

"Pakamwa panupo m'pomwe padzakuchotseni pano. Ine ndanena. Zulani nokha, ndi manja anu, mwaulemu."

Ife a kuno ku Kaseye Foster timamudziwa. Sadabadwe wouma mtima ayi. Ndi iyeyu adathamanga naye Martin kuchipatala ku Boma, ndipo pamaliro adalira mpaka mawu kusasa. Chidamulowa ndi upampando wa kalabu. Chimupatsireni chipewa chobiriwira cha ogula mpunga aja, ngakhale kutchalitchi ankachivula atafika kale pakhomo penipeni. Komanso tisanamizane, kuno kwathu mkazi akaferedwa amasanduka mlendo pabwalo lomwe wakhala akusesa kuyambira ali mtsikana. Foster sadayambitse zimenezo, adangozipeza n'kuzigwiritsa ntchito.

Vera sadazule. M'mawa uliwonse ankatsikira kudambo ngati kale, kukapalira ndi kukonza migula ya ndime yake. Kumeneko n'komwe adamupeza Annette, mlangizi wa zaulimi wochokera ku Ntcheu, yemwe adaimika njinga yamoto pamtunda n'kutsika atavala majombo, timapepala tapulasitiki tili m'manja.

"Monire, amama," adatero Annette, ndi Chitumbuka chake chija chomwe ana amaseka nacho.

"Yewo, alangizi. Akutumani alamu anga?"

"Ayi, amayi. Andituma ofufuza. Akufuna mizu ya mpunga wakale ndi ya wamakono, pamodzi ndi matope ake. Ndingazuleko mapata angapo?"

"Mizu? Mpunga amadya kumwamba, inu mukufuna kunsi?"

Annette adaseka, nalowa m'madzi. Adazula phata limodzi la wofiira n'kulikweza, matope akuda akuchucha.

"Pamizu apa, ndi pamasamba pomwe, pamakhala tamoyo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Tina timadwalitsa, koma tambiri timathandiza. Tina timakonzera mpunga chakudya m'nthaka, tina timatchinga matenda. Ndiye ofufuzawo akuti mtundu uliwonse wa mpunga umaitana take. Wofiira uli ndi take, wandevu uli ndi take."

"Ngati khomo lililonse ndi alendo ake."

"Eya, choncho. Ndiye muno muli mitundu yosiyana, ndiye kuti alendonso achuluka."

"Nanga wa alamu anga uwo?"

"Nawonso uli nato, koma m'matope muno wabwera dzulodzuloli, sunazolowerane nato. Komanso dambo lonse likakhala mtundu umodzi, matenda akangogonjetsa phata limodzi ndiye kuti agonjetsa onse."

Vera adaweramuka, nagwira m'chiuno.

"Nanga si ndinu nomwe munabweretsa mbewuyo, alangizi?"

Annette adayang'ana pansi.

"Ndine. Imabereka kwambiri, si bodza. Koma sindinanene kuti yakale izulidwe. Zinazi nafenso tikuphunzira kumene, amayi. Sitinazidziwe zonse."

"Ine za tamoyo tanuto nkhumanya yayi," adatero Vera. "Chomwe ndimadziwa ndi cha amayi anga. Kwathu m'mbali mwa mtsinje wa Songwe, pabanja pathu mwana wamkazi akamakwatiwa sankapita ndi mbewu yokha. Amayi ake ankamutapira matope a m'nazale yawo m'kamphika. Ukafika kwa amuna ako, umathira matopewo m'ndime yomwe akupatsa, kenako n'kufesa. Ankati mbewu yopita yokha imapukwa kwawo, imadwala. Timati kupala matope, monga muja timapalira moto. Powokera sititsuka mizu. Ndipo nazale ya mnzako ikachita chikasu, umamupalirako."

"Ndiye munabwera nako kamphikako?"

"Kali m'nyumba, kuseri kwa mtsuko. N'ka Wezi tsopano. Tsiku lake likadzafika ndidzamutapira muno."

"Dambo la amayi anu likadalipo?"

"Songwe anasintha njira, dambo lonse linatsalira tsidya, ku Tanzania. Amayi anamwalira. Achimwene anasamukira ku Wenya, kumtunda, kolima mawere ndi chimanga. Kwathu komwe kwatsala ndi pomwe mwapondapo."

Annette adasuntha mwendo ngati waponda chinthu cha mwini. Adamanga timapepala take. Atatsala pang'ono kutuluka m'madzi, Vera adamuitana.

"Alangizi, tamoyo tanuto timakhala m'matope mpaka kalekale?"

"Ayi, amayi. Timatsata mpunga wake. Mpunga ukachoka, nato timatha pang'onopang'ono. Matope amatsala matope basi."

Vera adangogwedeza mutu n'kupitiriza kupalira.

Kenako kudabwera mvumbi. Dzuwa lidasowa, nkhungu inkagona m'dambo mpaka masana, masamba osauma. Mvumbi utatha, mpunga wa kalabu udayamba kutuluka timadontho tooneka ngati timaso, pakati potuwa, m'mbali mofiirira. Chidayambira kumunsi kwa dambo, ndipo chidakwera ndime ndi ndime osalumpha mgula ndi umodzi womwe. Annette adati ndi chiwawu. A kalabu adathamangira mankhwala ku Boma, napopera, koma mvula idatsuka. Ngala zitayamba kutuluka, makosi ake adada, ndipo ngalazo zidangoima zili mbee, zopanda kanthu m'kati.

Ndime ya Vera nayo idagwidwa timadontho apo ndi apo, makamaka wonunkhira uja. Koma wofiira ndi wandevu udali biriwiri. Munthu ukaima pamtunda unkaona dambo lonse lotuwa, ndipo pakati pake kachigamba kobiriwira ngati chigamba chatsopano pa nsalu yakutha.

Zikadakhala bwino chikadakhala kuti ndimeyo idaumanso. Ndikunena zoona, zikadakhala bwino. Anthu akamavutika amapirira akaona kuti onse akuvutika, koma wina akapulumuka yekha amamufunsa kuti wapulumuka bwanji. Nkhani idayamba kuyenda pachitsime ndi pachigayo. Ena ankati Namwaka akukawa, akukokera mphamvu ya minda ya anzake kundime yake. Ena adafika pofunsa kuti kodi Martin uja adadwala chiyani kwenikweni. Amayi omwe ankabwera kudzapempha mchere adayamba kuzungulira njira ina.

Tsiku lina masana kudabwera Ruth, mkazi wa Foster. Awiriwa adakwatiwa pamudzipo motsatana, ndipo ndi Ruth yemwe adagwira Vera m'mapewa tsiku lobadwa Wezi. Adalowa mpaka m'khitchini, nakhala pansi osadikira mphasa.

"Anyina Wezi, kunyumba kwathu kwaipa. Adada a ana sakudya. Amangokhala pansi pa mango, chipewa chija chili pamaondo. Anthu a kalabu akubwera kudzawatukwana kuti ndiwo anawakakamiza kutaya mbewu zawo."

"Phepani chomene, anzanga. Nanenso zikundiwawa."

"Ngati pali chomwe mumachita m'ndime mwanu muja, tichitireniko."

Vera adamuyang'ana nthawi yaitali.

"Nanunso, Ruth?"

"Yayi, sindikunena zomwe akunena anthu. Koma ndimakuonani. Simutsuka mizu. Chaka chija nazale yanga inachita chikasu munandithirira matope, inadzuka."

"Ija inali nazale. Uwu ndi mpunga waukulu, wadwala kale. Ndi matope chabe, Ruth, si mankhwala. Sindikudziwa ngati angathandize."

"Yesaniko. Pakona yakumtunda pali wina sunatuluke ngala. Tipulumutseko ngakhale wa ana."

"Ndiye kawauzeni alamu, abwere tikathire limodzi."

Ruth adagwira pakamwa.

"Mwe! Angalole? Akuti zanuzo n'zachikale, ndiye lero agwade? Mawa m'mawa akupita ku Boma. Kathireni asakuona. Zikadzachira ndidzawauza ndekha, ndipo nkhani ya ndime yanu idzathera pomwepo."

Apa m'pomwe Vera adalakwitsa, ngati kumvera chisoni mnzako kuli kulakwa. Adaganiza za ana a Ruth, adaganizanso kuti mwina alamu ake akaona chifundo adzamusiyira ndime. M'mawa mwake adatenga ndowa, natapa matope akuda a pakati pa ndime yake, nadumpha mgula. Adalowa m'munda wa Foster mpaka m'maondo n'kumamwaza matopewo ndi dzanja, akung'ung'udza kanyimbo komwe amayi ake ankaimba powokera.

Njinga ya Foster idaphulika tayala asanafike patali. Pobwerera adadzera njira ya kudambo, ali ndi amuna awiri a kalabu omwe adakumana nawo. Adaima pamtunda onse atatu, kakasi, kuonerera mkazi wamasiye akumwaza zakuda m'munda wodwala uku akuyankhula yekha.

"Tamugwira!" adakuwa mmodzi wa amunawo. "Tamugwira dzuwa likuswa mtengo!"

Pofika masana abale onse a kwa Sichali adali pansi pa mango kwa Foster, ndipo a kalabu adaima mozungulira. Ndowa ija adaiika pakati, anthu n'kumaitalikira ngati muli njoka. Vera adamukhazika pansi pafupi nayo, matope asanasambe. Wezi adabwera akuthamanga kuchokera kusukulu, koma azakhali ake adamugwira pamkono.

"Mulamu," adayamba Foster, "m'munda mwanga mumathira chiyani?"

"Matope, alamu."

"Matope a kuti?"

"A m'ndime mwanga."

"M'munda mwanga mulibe matope? Mwaona kuti achepa?"

Anthu adaseka, kuseka koipa kuja kopanda chimwemwe.

"Ndimafuna kuthandiza. Ndi mwambo wa kwa amayi anga. Mnzako mpunga ukamudwalira umamupalira matope."

"Ndiye wothandiza amadikira mwini munda achoke? Wothandiza amayankhula ndi mpunga? Munayamba liti kuthira? Chiwawu chisanabwere kapena chitabwera?"

"Lero lokha. Ndinachita kupemphedwa."

"Ndi ndani?"

Vera adatembenuka. Ruth adali atakhala kumbuyo kwa amayi ena, mwana wake wamng'ono ali pamiyendo. Maso a anthu onse adatsata maso a Vera.

"Ruth, nenani," adatero Vera. "Nenani zomwe tinakambirana dzulo."

Foster adayang'ana mkazi wake. Ruth adaona nkhope za amuna a kalabu, adaona zikwanje zomwe anyamata ena adagwira, adayang'ana mwana wake. Ndani sadziwa chomwe chimachitikira mkazi yemwe wapezeka m'gulu limodzi ndi woganiziridwa ufiti?

"Ine nkhumanya yayi," adatero. "Dzulo ndinangopita kukapempha moto."

Vera adangoweramitsa mutu n'kuyang'ana manja ake. Mwa zonse zomwe zidachitika tsikulo, chomwe chidamupweteka kwambiri ndi chimenechi.

Nthawi yomweyo kudamveka njinga yamoto. Annette adatsika asanaiimike bwino, nalowa pakati pa anthu.

"Abambo, amayi, chonde ndimvereni. Chiwawu sichichokera kwa munthu. Chimabwera ndi mphepo ndi chinyezi. Chagwira dambo lonse chifukwa mbewu ndi imodzi. Ya amayiwa yapirira chifukwa ndi mitundu yosiyana, yozolowera nthaka ino, ndipo nayonso yagwidwako, kaoneni. Matope awo sangadwalitse munda."

"Alangizi," adatero Foster, "mbewu imodziyo anatipatsa ndani?"

"Ndine, koma..."

"Munati tikatsata malangizo tidzakolola mpaka kusowa poika. Tinatsata. Lero mwatembenuza lilime, mukuti wanzeru ndi amene sanatsate. Mawa mudzanena ziti?"

"Ndinalakwitsa posakuchenjezani. Koma musalange munthu wosalakwa chifukwa cha ine. Ndipo lamulo silikulolani kumutchula mfiti kapena kumulanda munda."

"Inu ndinu alendo, madamu," adatero mkulu wina wa pabanjapo. "Mawa boma likusamutsani, mupita kwanu ku Ntcheu. Ife titsala ndi dambo lathu. Izi n'zapabanja."

Sadachedwe kugamula, poti adali atagamula kale m'mitima. Mpunga wa Namwaka uzulidwe tsiku lomwelo. Iye apite kwa achimwene ake ku Wenya. Wezi atsale, chifukwa ng'ombe za malowolo zidaperekedwa zonse ndipo mwanayo ndi wa kwa Sichali.

Vera adagwada, nayenda ndi maondo mpaka pamapazi pa Foster.

"Alamu, ndipita. Sindikukana. Ndime tengani. Koma mpunga uja uli pa mkaka, njere sizinalimbe. Udikireni uche, mutenge wonse, mudye, mugulitse, mundisiyire wodzaza dzanja limodzi. Si wanga, ndi wa Wezi, mwana wa mng'ono wanu. Mukazula lero, mbewu ya amayi anga yathera pomwepa. Kulibenso kwina."

Ena amati maso a Foster adalengeza misozi, ndipo ine ndimawakhulupirira. Koma kumbuyo kwake kudali anthu omwe dzulo lake ankatukwana iye, ndipo lero adali atapeza wina womutukwana. Akadafewa, anthuwo akadabwerera kwa iye.

"Uzulidwe," adatero, navala chipewa chake.

Adazula madzulo omwewo. Mapata ankawaponya pamgula, mizu m'mwamba, ndipo ena adawapondaponda kuti asadzamerenso. Fungo la wonunkhira uja lidadzaza dambo lonse.

Annette adatsatira Vera kunyumba. Adamupeza akupinda nsalu zake n'kumaika m'chikwama.

"Amayi, kwerani njinga yanga tipite kupolisi ku Boma. Ine ndikachitira umboni. Sangakuchotseni chonchi."

"Apolisi adzabwera, adzamanga alamu anga, adzabwerera ku Boma. Kenako? Munawaona anyamata a zikwanje aja? Akuti ndikakhala, nyumba ino aiyatsa. Wezi amagona muno."

"Ndiye mutengeni."

"Anditsekereza panjira. Ndipo sukulu yake ili kuno, manda a bambo ake ali kuno. Ndikachoka mwakachetechete, iye adzakhala mwana wa Martin. Ndikalimbana nawo, adzakhala mwana wa mfiti. Yewo, alangizi. Mwayesa."

Kutacha, Vera adanyamuka ndi chikwama pamutu. Asanakwere kumsewu adatsikira kudambo kukaona ndime yake komaliza. Mudali madzi okhaokha, ovunduka, ndi timizu toyandama. Adalowamo pang'ono, naima, kenako adatuluka.

Foster ndi abale ena adali akumudikira pamtsinje pomwe njira imaolokera.

"Sambani miyendo, mulamu," adatero Foster osamuyang'ana kumaso. "Akuluakulu akuti musachoke ndi dothi la kuno. Mungakalichitire zina."

"Dothi la kuno, alamu? Matope a m'ndime muja ndinabwera nawo ndine, pamutu."

"Sambani basi. Tisatalikitse."

Vera adatula chikwama. Adawerama n'kuyamba kutsuka, kuyambira m'maondo mpaka m'zala, pang'onopang'ono, ngati akusambitsa khanda. Madzi adada pang'ono, kenako adayera. Ruth adali ataima patali kuseri kwa nthochi, chitenje chili kukamwa, koma sadayandikire.

Ataoloka, pokhotera njira pomwe a pamtsinje sakadamuona, adapeza Wezi atakhala pamwala. Adali atakumbatira kamphika kakale, kakuda, kothyoka pamlomo. M'kati mudali matope.

"Amama, ndatapa m'mamawa asanadzuke. Pakatikati penipeni, pomwe panali wofiira. Tengani, mukathire ku Wenya."

Vera adakhala pansi pambali pake. Adakhudza matopewo ndi chala, nanunkhiza.

"Ku Wenya kwa amalume ako kulibe dambo, mwana wanga. Ndi miyala ndi mawere."

"Ndiye ndipita nanu. Tikafune dambo kwina."

"Yayi. Iwe ukhala, umalize sukulu. Uziwapatsa ulemu adada ako a Foster. Amama ako a Ruth usawade, anachita mantha."

"Ananama!"

"Anachita mantha. Wamva?"

Wezi adalira, kulira kosatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka. Vera adamupukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Nanga kamphikaka?" adafunsa mwanayo. "Alangizi anauza anthu kusukulu kuti m'matope mumakhala tamoyo. Ndikasunga, tsiku lina tikadzapeza mbewu, mpunga wa agogo udzabwerera, eti?"

Vera adakumbuka bwinobwino zomwe Annette adamuyankha tsiku lija m'dambo. Adayang'ana nkhope ya mwana wake, yemwe m'chaka chimodzi adataya bambo, ndipo tsopano ankataya mayi ndi munda.

"Kasunge," adatero. "Uzikathirira, asaume. Mpaka ndidzabwere."

Adasenza chikwama, nalowera kumsewu. Sadacheuke, chifukwa akadacheuka sakadapita.

Chiwawu sichidachoke ndi Namwaka. Chidamaliza pakona yakumtunda paja, chidamaliza dambo lonse, ndipo ogula aja sadabwere n'komwe. Palibe adanena kuti tidalakwitsa. Ena adati mankhwala ake adali atalowa kale pansi. Foster adasiya kuvala chipewa chija, ndipo akadutsa pa ndime yopanda kanthu ija amafulumiza njinga. Ruth amamuikira Wezi ndiwo zambiri kuposa ana ake omwe, koma sayerekeza kumuyang'ana m'maso.

Patapita masabata angapo Annette adabweranso, kudzanena kuti ofufuza aja akufuna njere za mpunga wofiira ndi wandevu kuti akazisunge. Adayenda khomo ndi khomo. Aliyense adali atataya zake chaka cholowa kalabu, ndipo Annette sadapeze ndi njere imodzi yomwe. Pomaliza adafika kwa Foster, napeza Wezi kuseri kwa khitchini atanjuta, kapu yamadzi ili m'manja. Kamphika kadali pamthunzi, atakavundikira ndi tsamba la nthochi.

"Alangizi, bwerani muone," adatero Wezi, navundukula. "Sindinadumphitse ndi tsiku limodzi lomwe. Tamoyo tija tikadalimo, eti?"

Annette adasuzumira. Matope aja adali atatuwa, pamwamba patachita ndere.

"Amayi ako anati chiyani?"

"Anati ndizithirira mpaka adzabwere."

Annette adagwada pafupi ndi mwanayo. Adalandira kapu ija, nathira madziwo yekha.